Golide wanga, anthu a Gondwe

Lolemba

Zakwana! Gondwe wa tsidya la msewu wandilanda makasitomala onse. Kumeta sadziwa, mitu imatuluka m'shopu mwake ngati munda wolimidwa ndi waganyu, koma ali ndi kanema, ndipo anthu a pa Jenda amakonda phokoso. Ine ndikungoingitsa ntchentche.

Nanenso ndikuika kanema, koma wapamwamba. Ndapeza pa intaneti kampani ina ya kunja yoonetsa mafilimu osowa, akuti "a anthu ozindikira". Umembala wake uli patatu:

Mkuwa: foni imodzi, zotsatsa malonda mbwee.
Siliva: zida ziwiri.
Golide: zida zinayi, mafilimu onse, dzina lako n'kumaoneka pakona: "Membala Wolemekezeka".

Munthu ngati ine Mkuwa? Golide! Wa chaka chonse. Mayi a kunyumba, NyaMoyo, sindinawauze kuti ndagulitsa mbuzi yathu kuti ndilipire.

Lachiwiri

Kanema ndakoloweka pakhoma. Benchi yadzaza, mpaka a Jere, mlimi wa fodya amene anandithawa kalekale, abwera. Mtima uli myaa.

Filimu yoyamba. Yopanda mitundu. Bambo wina waima pawindo. Akuyang'ana kunja. Akuyang'anabe.

A Jere: "Mbwenu munthuyu akudikira ndani?"

Ndikuti dekhani, zikubwera. Kukubwera mvula. Bambo uja akutseka windo. Filimu yatha! Palibe wamenyedwa, palibe wathamangitsidwa, ngakhale galu sanauwe. Benchi yatsala ndi anthu awiri, mmodzi akutchaja foni.

Lachitatu

Filimu ya lero: mayi wina akusenda mbatata. Ndiye ndatulukira ubwino wina wa Golide: wopanga filimuyo amalankhula pamwamba pake, kufotokoza chifukwa chimene mayiyo akusendera mbatata. Ndalipira mbuzi yathunthu kuti mzungu andiphunzitse mbatata.

A Jere abweranso, mwachifundo chabe, akhala pampando wometera. Ndili mkati mometa, tulo tawaba, mutu gwa! Mashini alambula msewu kuchokera pamphumi mpaka pankhongo. Palibe kuchitira mwina, mpala basi. Atuluka osatsanzika, chipewa chili m'makutu.

Lachinayi

NyaMoyo wadziwa za mbuzi. Wakalipa, wakalipa, kenako watuluka kukanyadira kwa abale ake kuti mwamuna wake ndi wa Golide. Akazi!

Masana watulukira mlamu wanga Vitumbiko, akumwetulira mano onse. "Alamu, tamva zida n'zinayi. Imwe muli ndi maso awiri okha." Mlamu sakanizidwa, makamaka ngati ndiye anakulankhulira pokafunsira mbeta. Ndamupatsa pasiwedi, ndamulumbiritsa kuti asauze munthu. Walumbira mofulumira kwambiri, ndipo zimenezi sizikundisangalatsa.

Lachisanu

Ndikuyatsa kanema. Uthenga: zida zonse zinayi zili pantchito, dikirani wina atuluke. Ine? Mwini wake? Membala Wolemekezeka?

Ndafufuza. Wina ndi Vitumbiko. Wina ndi mkulu wake, ali ku Joni. Wina ndi apongozi anga ku Manyamula. Wachinayi sindikumudziwa.

Ndikuti ndisinthe pasiwedi. NyaMoyo manja m'chiuno: "Mukufuna kutsekera adada chitseko?" Asanamalize, foni ikulira, apongoziwo: "Yewo chomene, mwana wanga. Ya munthu wa pawindo ija ikundigonetsa bwino kuposa mankhwala a kuchipatala."

Ndayankha kuti zikomo, adada, pitirizani. Ndikanati chiyani? Kanema wanga tsiku lonse akungoonetsa nkhope yanga.

Loweruka

Anthu ali pikitipikiti pamsewu, m'shopu mwanga muli zii. Kutsidya kukumveka mfuu, nthungululu, wina akuimba likhweru. Ndaoloka ngati ndikukagula lezala, ndasuzumira.

Karate! Yeniyeni, yakalekale, munthu mmodzi akugwetsa mudzi wonse ndi mwendo umodzi. Anthu mpaka pakhonde. A Jere ali kutsogolo ndi chipewa chawo. Pakona pa kanema wa Gondwe pali dzina langa, ndi mawu aja: "Membala Wolemekezeka".

Wachinayi uja ndamupeza. Ndi Gondwe, amasewera bawo ndi Vitumbiko. Akuti mafilimu a ndewu ali pansi penipeni pa mndandanda, a Golide okhaokha. Ine ndinathera pamwamba, pa anthu ozindikira.

Ndakwiya kwambiri. Koma kutseka Gondwe n'kutsekanso apongozi.

Lamulungu

Nditachoka kutchalitchi ndalembera kampani ija kuti ndasiya. Yayankha mwaulemu kuti ikundinyadira, ndipo umembala wanga utha chaka chamawa.

Shopu sindinatsegule. Wotsegulira ndani? Ndaoloka msewu, poyera, osanamizira lezala. Gondwe wandilandira ndi manja awiri: "Apatseni malo abwana, eni ake a kanema!" Anthu aomba m'manja. Kenako akundinong'oneza kuti lamulo la pano ndi limodzi, woonera aliyense amete.

Filimuyo ndi yabwino, sindinama. Wandimeta Gondwe, ndipo ndalipira.