Amakaniko a Galimoto ya Levy

Nzeru inamubwerera Yoweli pa chipanda chachitatu cha masese, Lachinayi masana, kuseri kwa msika wa pa boma la Chadiza. Anzake ankamutcha Komanda, ngakhale kuti m'moyo wake wonse anali atalamulirapo mbuzi ziwiri zokha, nazonso zinathawa.

"Aise, tamverani dilu," anatero. "Mukumudziwa Levy wa ku Pembamoyo?"

Anali kumudziwa. Levy ankagwira ntchito yosamalira okalamba ku Mangalande. Anagula galimoto pa intaneti, inabwera pa sitima, n'kudzaima pabwalo la mlongo wake Theresa. Mwini wake anali asanakhalemo n'kamodzi komwe, koma Lamlungu lililonse ankaimba foni ya vidiyo kuti aione, mlongo wakeyo n'kumupatsa moni pomaliza.

"Ndamva kuti waitanitsa amakaniko a ku Chipata adzaikonze Loweruka," anapitiriza Komanda. "Ife tifika Lachisanu. Tipempha makiyi, tinena kuti tikukaiyesa pamsewu, basi ulendo wa ku Mozambique. Wogula alipo kale."

Francisco, yemwe ankatchedwa Sipanala chifukwa anamatapo tayala la njinga, anaomba m'manja. Elia, wotchedwa Giya, anadzimenya pachifuwa. "Chilichonse cha matayala ine ndimayendetsa, mdala."

M'mawa mwake anafika ku Pembamoyo atavala maovololo obwereka, atadzipaka makala kumaso kuti aoneke ngati anthu a m'galaja. Theresa anali pakhonde ndi amayi a kumpingo, akuswa mtedza.

"Amayi, ndife amakaniko aja," anatero Komanda. "Tafulumira chifukwa cha kukonda ntchito. Makiyi chabe, tikaiyese."

"Mwachita bwino, bambo! Koma kuiyesa? Imeneyi sinasunthe chaka ndi theka."

Anavundukula chilona. Matayala onse anayi anali ataphwa. Pansi pa boneti nkhuku inali itafungatira mazira, ndipo inawayang'ana moipidwa. Komanda akadayang'anizana ndi nkhukuyo, Theresa anali ataimba kale foni.

"Alongo, anthu anu aja afika."

Nkhope ya Levy inaoneka pafoni, ali m'jekete lalikulu. "Akuluakulu, takulandirani! Yambani ndi oyilo. Alongo, isunthireni foni kuno ndizionera."

Komanda anaganiza mofulumira. Kuthawa kunali kudziulula. Anapinda manja a ovololo.

Anagwira ntchito anyamata aja! Giya anapopa matayala ndi pampu ya njinga mpaka lilime linatuluka. Sipanala analowa kunsi, anamasula chinthu cholakwika, oyilo wakuda n'kumusambitsa kuyambira kumutu. Komanda anasenza batire pamutu kukaitchajitsa kusukulu, nabwerako khosi litalowa m'mapewa. Nthawi yonseyi Levy anali kulangiza ali kutali: apo mwasiya, uko pukutani, musatsamire chitseko. Chibadwire, Komanda anali asanatulutsepo thukuta lotere, ndipo mumtima ankaopa kuti akaonedwa ndi anzake a kumowa, mbiri yake ithera pomwepo.

Dzuwa litapendeka, injini inatsokomola, kenako inalira. Amayi aja analuluta.

"Alongo, ikani foni m'katimo, ndimve bwino kulira kwake!" anakuwa Levy.

Theresa anaiika pafupi ndi giya. Atatu aja analowa msangamsanga, natseka zitseko ndi mawindo. Za foniyo palibe anakumbuka.

"Tiye, Giya!" anatero Komanda.

Giya anayang'ana kumapazi kwake nthawi yaitali. "Mdala, atiyambirira ena. Zopondera zilipo ziwiri. Kilachi anaba kale."

"Ndi otomatiki, chitsiru iwe! Suja unati umayendetsa chilichonse?"

"Ngolo, mdala. Ndi wilibala."

"Tamvera, wogula akutidikira kumalire! Tikapanda kuiba lero, amakaniko enieni afika mawa!"

M'galimoto munamveka mawu aulemu kwambiri. "Pepani akuluakulu, mwati kumalire?"

Giya anakuwa ngati waona mzukwa. Anakoka giya paliponse pomwe inafuna, naponda chopondera ndi mapazi onse awiri. Galimoto inalumpha chobwerera m'mbuyo, inadutsa pa lichero la mtedza, n'kukadzilowetsa kunsi kwa nkhokwe ya Theresa. Miyendo ya nkhokwe inathyoka. Chimanga cha chaka chonse chinakhuthukira padenga, m'mbali, pazitseko, mpaka m'kati munachita mdima.

Anakankha zitseko, osatheka. Anamva amayi akusonkhana panja, ndipo Levy, yemwe tsopano ankakuwa pafoni ina ya mnzake wa Theresa, anali kufotokoza zonse mwatsatanetsatane, n'kumafunsanso pakati pake ngati penti yakalika.

Amayiwo sanafulumire. Anakhala mozungulira mulu uja, nayamba kutola chimanga chimodzichimodzi, akuimba nyimbo za kwaya. Apolisi omwe Theresa anawaitana atafika, anangoona mutu wa Komanda utasuzumira pawindo, ndevu zachimanga zili m'makutu.

"Bwana, ife ndife amakaniko," anayesa kunena.

"Tamva kale," anatero wapolisi wamkulu, akuwatulutsa mmodzimmodzi ndi kuwamanga unyolo.

Anawakweza kumbuyo kwa galimoto ya apolisi. Dalaivala anapotoza kiyi. Inangoti khe-khe-khe, n'kukhala chete. Anayesanso, zii.

Wapolisi wamkulu anatembenuka, nawayang'ana atatu aja mwachikondi. "Amakaniko, tsikani."

Anthu a m'mbali mwa msewu wopita ku boma anaona zodabwitsa tsiku limenelo: amuna atatu akuda bii ndi oyilo, manja ali muunyolo, akukankha galimoto yowapereka okha kuchitokosi. Pa chitunda choyamba Giya anapukuta thukuta ndi phewa, nanena mopumira m'mwamba:

"Komatu iyi, mdala, ikanakhala yabwino kuba. Ili ndi kilachi."