Zikomo Pondipatsa Apongozi Atsopano

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani Yopanga Pulogalamu ya Walitsa,
Kumene Muliko.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada, chipewa chili m'manja. Pepani kuti munthu wamba ngati ine ndikukudyerani nthawi, pomwe ndikudziwa kuti muli kalikiliki kuganizira zoti mutikonzere mawa zimene sitinakupempheni. Ine ndine wojambula zithunzi. Kasitudiyo kanga kali pakati pa wometa tsitsi ndi wowotcherera zitseko. M'katimo muli nsalu yabuluu ya kukhoma, mpando wa makasitomala, pulinta, ndi kompyuta imene Walitsa wanu amakhalamo. Ndinamugula zaka zapitazo kuti azindithandiza kukonza zithunzi. Ndalemba kuti ndithokoze, chifukwa zimene wandichitira posachedwapa sindingazisunge mumtima ndekha.

Choyamba, zikomo chifukwa cha kuleza mtima kumene mwandiphunzitsa. Kale ndinali munthu waphuma. Lero kasitomala akafika thukuta lili kamukamu, akufuna chithunzi cha pachiphaso basi isanamusiye, ndimatsegula Walitsa, ndiye pa sikirini pamabwera kagudumu kaja kongozungulira. Tonse awiri timangokhala ndwii kukayang'ana. Kenako timayamba kucheza, mpaka ndimadziwa ana ake onse ndi matenda a azakhali ake. Kagudumu kakamaima basi imakhala itapita, koma ine ndapeza mnzanga. Masiku ena Walitsa amatopa pakati pa ntchito n'kudzitseka yekha, koma amapepesa bwino kwambiri, moti ndimayambiranso ntchito yonse ndilibe naye mangawa.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha mabatani. Nthawi iliyonse Walitsa akadzikonza yekha, zimene ana anu amazitcha apudeti, mabatani onse amasamuka. Lodulira chithunzi, limene dzulo linali kumanja, lero labisala kuseri kwa timadontho. Zili ngati mlendo amene walowa m'nyumba mwako iwe kulibe, n'kusamutsira mbale kuchipinda, bedi kukhitchini, kenako n'kudikira kuti umuyamikire. Amakhala patebulo panga, amadya magetsi anga, koma sayamba ntchito asanakupatseni moni pa intaneti. Ndipo popeza ndinamugula kale koma masiku ano mukufuna ndizimulipiranso mwezi ndi mwezi, ndazindikira kuti mwini nyumba ndinu, ine ndine wa lendi m'kompyuta yanga yomwe.

Chachitatu ndi ulemu wake. Walitsa sachita kanthu osafunsa. Ndikafuna kumutseka, amafunsa ngati ndikutsimikiza. Ndikavomera, amafunsanso ngati ndikutsimikizadi. Ndikafuna kusindikiza, funso. Ndikafuna kusintha dzina la chithunzi, funso. Ngakhale mkazi wanga sanandifunsepo maganizo kochuluka chotere. Ndatchula zimenezi, Bwana, kuti mumvetse bwino za tsiku limodzi lokha limene Walitsa sanafunse.

Chachinayi ndi chachitali, ndipo ndikupemphani mukhale pansi.

Apongozi anga, mayi a mkazi wanga, anamwalira ana athu asanabadwe. Sankakonda kujambulidwa, ankati kamera imawaumitsa khosi. Moyo wawo wonse anajambulitsa kamodzi, ndipo chithunzicho chinkasungidwa ndi mlamu wanga m'sutikesi, pansi pa denga lodontha. Mwezi watha mkazi wanga anabwera nacho chitamatirira kugalasi la felemu, nkhungu itadya kale mapewa, ikulowera kukhosi. Anachiika patebulo panga nati, "Abambo, nkhope ya amayi yayamba kundithawa m'mutu. Ndikonzereni, tiipachike pabalaza, ana awa aziwadziwa agogo awo."

Nkhopeyo ndikufotokozereni, poti simudzaiona, ndipo inenso sindidzaionanso. Anali mayi wakuda bii, wamakwinya m'mbali mwa maso. Dzino limodzi la kutsogolo linaguluka, moti akamaitana ana mluzu unkatuluka wokha. Pachipumi anali ndi chipsera chachikulu chopingasa. Anachipeza tsiku limene chimphepo chinasasula denga, lata n'kutsetsereka kulunjika pamene panagona khanda, iwo n'kuweramira khandalo. Khanda limenelo ndi amene ndimadya naye lero. Mkazi wanga akuti ali wamng'ono sankagona tulo mpaka chala chake chikhale pachipserapo.

Ntchito ndinaigwira mwadongosolo, Bwana, musaganize kuti ndinayamba dzulo. Chithunzicho ndinachikopera m'kompyuta ndi sikana chili pagalasi pomwepo, n'kusunganso china pa fulashi. Nditatero m'pamene tinayesa kuchimatula pang'onopang'ono, ndipo monga ndinkaopera, pepala linanyenyeka ngati bisiketi yonyowa. Mkazi wanga anagwira pakamwa. Ine ndinadziguguda pachifuwa n'kunena kuti, "Musadandaule inu, amayi ali m'kompyuta. M'menemo nkhungu sifika."

Nkhungu sifikadi. Amafika ndinu.

M'mawa mwake ndinapeza Walitsa atadzikonza, atavala mitundu yatsopano, akundilonjera kuti tsopano ali ndi nzeru zoona yekha zolakwika pankhope za anthu. Ndinatsegula chithunzi cha apongozi kuti ndichotse nkhungu ya m'mapewa basi. Kagudumu kanazungulira, ndipo tsiku limenelo kanafulumira, koyamba chimugulireni. Pa sikirini panatulukira mtsikana. Woyera, wosalala ngati sopo watsopano, mano onse ali mbee, chipumi chopanda ngakhale kachiphuphu. Duku la apongozi analichotsa n'kuikapo tsitsi la ku saluni. Pansi panali mawu akuti andikonzera ndipo asunga kale. Yemwe uja amandifunsa ngati ndikutsimikiza kumutseka, pa zofufuta apongozi anga anatsimikiza yekha.

Ndinafunafuna batani lobwezera m'mbuyo, n'kulipeza litasamukira kumene amasamukira anzake, lili mbuu, losadinika. Apo ndinakumbukira fulashi ija. Ndinailowetsa m'kompyuta msangamsanga. Bwana, mtima wothandiza wa mwana wanuyu! Ndisanagwire n'komwe mausi, anali atalowa kale m'fulashimo kukakonza zonse zimene anapezamo. Atsikana anakhala awiri.

Chachisanu, ndithokozereni ana anu a ku ofesi yothandiza anthu. Nditawalembera anayankha msanga, mwaulemu, kuti vuto langa ndi lofunika kwambiri kwa iwo, ndipo ndizimitse kompyuta n'kuiyatsanso. Ndinazimitsa, ndinayatsa, mtsikana ali pomwepo akumwetulira. Nditalembanso anandifotokozera kuti chithunzicho sichinawonongeke ayi, chinangowongoleredwa, ndipo makasitomala ambiri akuikonda kwambiri nzeru yatsopanoyi. Pomaliza anandipempha kuti ndiwapatse nyenyezi zosonyeza kukhutira kwanga. Ndinapereka zonse, poopa kuti akakwiya angandikonzenso ine.

Za makasitomala okhutirazo sananame. Wometa uja, mkulu wadazi, atasuzumira pa sikirini anaseka mpaka kugwira khoma. Akuti, "Achimwene, mwayi ngati wanu sindinauonepo. Apongozi aang'ono kuposa mkazi! Ndijambuleni inenso, mwina andimeretsa tsitsi." Ndinamujambula, ndipo Walitsa anamumeretsadi. Chithunzicho wachipachika m'shopu mwake pamwamba pa kalilole, ndipo ndaona kuti ndi bwino mudziwe kuti munthu mmodzi wokondwa alipo.

Mkazi wanga sanaseke. Anafika masana ndi felemu yatsopano kukhwapa. Anayang'ana pa sikirini nthawi yaitali, kenako nati, "Abambo, uyu ndi mwana wa ndani?" Nditafotokoza, anatambasula dzanja n'kuika chala pachipumi chosalalacho, akuyendetsa pang'onopang'ono, kufunafuna. Kenako anatembenuka n'kubwerera kunyumba, felemu anaisiya patebulo. Sanandilalatire, ndipo ndikanakonda akanatero. Amandiikira madzi osamba, amandifunsa za kuntchito, koma pabalaza msomali umene anakhomeratu uli pomwepo. Dzana m'pamene anandiuza zimene zandilembetsa kalatayi. Akuti masiku ano akatsinzina kuti akumbukire mayi ake, amene akubwera ndi mtsikana wanu uja.

Pano, Bwana, ndiloleni ndivale chipewa kwa kanthawi. Ndakwiya, ndipo ndikumva chisoni chimene sindikudziwa pochiika. Anakuuzani ndani kuti chipsera ndi litsiro? Anakuuzani ndani kuti khungu lakuda ndi vuto la kuwala? Munakhala pansi m'maofesi anu ozizirawo n'kugwirizana nkhope imene munthu ayenera kukhala nayo, ndipo mayi amene anatchinga lata ndi mutu wake sanakhoze mayeso anu. Nkhungu inkadya pang'onopang'ono, inayambira m'mapewa, ndipo sinanenepo kuti ikundithandiza. Basi, ndavulanso chipewa.

Pempho langa ndi laling'ono. Sindikuti mubweze apongozi anga. Ana anu andiuza kale kuti n'zosatheka, ndipo ine ndine ndani kuti nditsutse anthu a nzeru chotero? Koma zabwino zimene mwandichitirazi zikundilemera, ndikufuna ndikubwezereni. Ndikukhulupirira kuti nanunso munabadwa kwa mayi. Ngati anatisiya, ndipo muli ndi chithunzi chawo, chonde nditumizireni. Chikhale chija chokhacho, chopanda chinzake, chimene mumachitulutsa mukawasowa. Ndidzachikonza ndi Walitsa wamakono, mwaulere. Felemu ilipo kale, ndi yatsopano, sinagwirepo ntchito. Ndipo musavutike n'kuganiza ngati mukutsimikiza, Bwana. Sindidzakufunsani.

Ndine wanu wogwada nthawi zonse,

Wojambula wa pakati pa wometa ndi wowotcherera,
Mkamwini wa mtsikana wosadziwika.