Mlomo wa Filomena

Kuno ku Aparecida ukangotchula Seu Genivaldo, munthu amayamba waseka kaye, kenako n'kufunsa ngati ukunena madala aja ankapaka mfuti utoto wa zikhadabo. Ndi omwewo. Malemuwa ankamata matayala m'mbali mwa msewu waukulu, anali ndi mimba yawoyawo, ndipo Loweruka lililonse ankatenga kabotolo ka akazi awo, Dona Zuleide, n'kukhala pakhonde kupaka mlomo wa mfuti yawo mtundu wa lalanje, lilime lili panja ngati mwana wolemba mayeso.

Mfutiyo sinali yeniyeni. Inali ya masewera athu a Lamulungu, aja timathamangitsana kuuvuni wakale wa njerwa n'kumawomberana timikanda ta pulasitiki, anthu akuluakulu ndi ndevu zathu. Kamkanda kakakupeza umakweza dzanja, umati "ndafa", n'kukakhala pamthunzi. Lamulo limati mfuti zoterezi zikhale ndi mlomo wa lalanje kuti wapolisi azidziwiratu kuti n'chidole. Koma m'tchire mlomo umenewo umakuulula, ndiye ife tinkaukulunga tepi yakuda, ndipo pobwerera kunyumba ulesi unkatigwira, osamatulanso. Seu Genivaldo ankati tepi imeneyo idzaphetsa munthu tsiku lina.

"Iwe Edvan," ankatero kwa ine, "wapolisi alibe nthawi yofunsa kuti unaigula kuti. Amangoyang'ana mlomo."

"Koma Seu Genivaldo, inu mumafa Lamulungu lililonse chifukwa cha mlomo womwewo."

"Ndimafa, koma masana ndimadya nawo nyama."

Kufa kwake ankafadi. Mluzu ukangolira, onse a gulu linalo ankayang'ana pomwe pakuwala m'maudzu, ndipo mkuluyo ankatuluka dzanja lili m'mwamba asanapeze ndi pobisala pomwe. Pogawana magulu tinkakankhirana. Cleiton, mnzathu wogulitsa nyama pamsika, anafika powauza kuti, "Madala, lero mukhale wa gulu la adani, tipumeko."

Mfutiyo anaipatsa dzina loti Filomena. Anaigula kumalire a Paraguay, yotchipitsitsa m'sitolo monsemo, moti wogulitsayo anachita kuwachenjeza kuti ikafika Khirisimasi athokoze Mulungu. Makhirisimasi anadutsa, mfuti zathu zodula zinathyoka magiya, tinagula zina nazonso n'kuthyoka, Filomena ali gwa. Mpaipi wake ankaupukuta ndi kansanza kokulunga kusipoko ya njinga. Batire ankalisunga m'sokosi. Kamkanda kogwa pansi sankakatola ngakhale kakhale koyera bwanji, ati mchenga umakanda m'mimba mwa Filomena. Kuwombera motsatizana, kwa prrr kuja timakukonda tonse, kunali koletsedwa.

"Magiya ake ndi anthete," ankatero mkuluyo. "Iwe ungathamangitse agogo ako?"

Tsiku lina Cleiton anawapatsa kabotolo ka oilo wa injini, mwaulemu ndithu, kuti athandizireko. Mkuluyo anayang'ana kabotoloko ngati awapatsa chiphe. Anati oilo ameneyo amadya timphira ta m'kati, Filomena amamwa mafuta a silikoni okha, dontho limodzi, ndipo munthu wosadziwa zimenezi sayenera kugulitsa anthu chakudya. Mwezi wonsewo nyama anakagula kwina.

Dona Zuleide nawo anaona zokhoma. Pulasitiki imaopa dzuwa, ndiye m'kagalimoto kawo Filomena ankakhala kumbali ya mthunzi, mayiwo kumbali yadzuwa. Msewu ukakhota ankaima kuti asinthane malo.

"Ndinakwatiwa pamitala osadziwa," ankatero mayiwo. "Koma mkazi mnzangayu sayankha, ndiye timagwirizana."

Chomwe chinkatipweteka mtima kwenikweni chinali nyama. Masewera akatha, nyama ili pamakala, chinangwa chaphikidwa, njala ikuluma, Seu Genivaldo ankaima kutsogolo kwa moto manja ali m'chiuno. Palibe kudya mpaka aliyense awombere kamodzi m'mwamba kuti sipuling'i imasuke, achotse batire, apukute mpaipi. Ankayendera mmodzimmodzi. Ati sipuling'i yogona yokokedwa imatopa ngati munthu wogona ataimirira. Pomaliza ulalikiwo nyama inkakhala itauma, mafuta atagwirana, Cleiton akutukwanira m'khosi. Za tepi zokha ndi zomwe tinkawakanira mpaka anangozisiya, n'kumangopukusa mutu.

Mtima wa Seu Genivaldo unaima Lachiwiri lina masana, ali pantchito, tayala lili m'manja. Tinalira, ndisaname. Koma pobwerera kumanda Cleiton anandinong'oneza kuti, "Aise, Mulungu andikhululukire, koma Lamulungu lino tidya nyama yotentha." Ndinamugunda ndi chigongono, chonsecho nanenso ndinali nditaganiza zomwezo.

Patapita milungu ingapo Dona Zuleide anandiitanitsa. Anandipatsa Filomena, sokosi ya batire, ndi kabotolo ka utoto kaja.

"Tenga, mwanawe. Ndikamuona pakhoma ndimayamba kulankhula naye."

Wamasiye sakanizidwa. Lamulungu m'mawa ndinalonga Filomena m'chikwama changa pamodzi ndi mfuti yanga ya tepi yakuda ija, n'kubereka kumsana, ulendo pa njinga yamoto. Zipi ya chikwamacho inali yotopa kale, ndipo mfuti ziwiri zinaichulukira. Podutsa pamsika ndinamva anthu akukuwa, amayi akugwetsa madengu, wogulitsa madzi a nzimbe akulowa pansi pa tebulo. Ndinkati pali ngozi kutsogolo. Sindinadziwe kuti zipi yatseguka, mfuti yasuzumira pamwamba pa phewa langa, ndiponso kuti m'mawa womwewo achifwamba anali atabera sitolo ya mankhwala pafupi pomwepo.

Apolisi awiri a njinga zamoto ananditsekera njira. Wamng'onoyo anatsika mfuti ili kale m'manja, yeniyeni, n'kundiloza nayo.

"Manja m'mwamba! Usagwedezeke!"

Ine ndakhala ndikukweza dzanja Lamulungu lililonse n'kumati ndafa, kwinaku ndikuseka. Tsiku limenelo ndinakweza onse awiri, ndikuganiza za ana anga aakazi omwe ndinawasiya akumwa khofi. Ndinachita mantha oti sindinawamvepo chibadwire. Chomwe chinkazungulira m'mutu chinali chimodzi: mwa mfuti ziwirizo, yatuluka ndi iti?

Wamkuluyo, wa imvi m'masharubu, anasuzumira ali chapatali.

"Tsitsa, mnyamata," anauza mnzakeyo. "Sukuona mlomowo? Ukuwala ngati papaya wakupsa."

Anandivula chikwama n'kuchitsegula pansi. Ananyamula Filomena, anamununkhiza, n'kufunsa ngati ndi utoto wa zikhadabo. Ndinavomera ndi mutu. Kenako anapeza yanga ija. Anaitembenuza, anakanda tepi ndi chala, ndipo kumwetulira konse kunatha.

"Bambo, ikanayamba kutuluka iyi, bwenzi pano tikuitana galimoto ina. Matulani ndikuona."

Ndinamatula tepi yonse iye akuyang'ana. Atandilola kupita, sindinalize njinga, ndinangokhala m'mphepete mwa msewu mpaka wa madzi a nzimbe uja anatuluka pansi pa tebulo n'kundipatsa kapu yaulere. Ndinamwa ndikuseka, misozi ikugwera m'kapu momwemo.

Kuuvuni ndinafika mochedwa. Nditafotokoza, palibe anaseka. Cleiton anakhala pa njerwa, n'kuyamba kumatula tepi yake mwakachetechete, enawo n'kutsatira. Kabotolo ka Dona Zuleide kanazungulira mpaka kanauma.

Masiku ano masewera athu sachedwa kutha. Milomo yonse imawala m'maudzu, aliyense amafa msanga, ndipo palibenso wokankhirana pogawa magulu chifukwa tonse tinasanduka a Genivaldo. Pamthunzi paja mkuluyo ankatidikira atafa yekha, tsopano timadzazana, koma pamaoneka potakasuka kwambiri. Loweruka ndikadutsa pakhonde pawo ndimapeza Dona Zuleide akupaka zikhadabo zawo okha, utoto wofiira, ati tsopano mtundu amasankha eniake.

Kutsogolo kwa moto sikuimanso munthu. Nyama timadya yotentha, ndipo imakoma, nanga n'kunamiranji. Ine ndekha ndimatsalira kumbuyo ndi Filomena, kuwombera kamodzi m'mwamba, kuchotsa batire, kufunafuna sokosi.

"Edvan, nyama ikuzizira," amatero Cleiton.

Ndimamuuza kuti izizire, ndikubwera.