Afisi a Agogo a Telala

A Telala a mumsewu mwathu sankatha kuyeza munthu m'chiuno osatchula nyama zimene makolo awo ankaweta. Anzathu amaweta mbuzi ndi nkhuku, koma kwawoko kunali fisi, nsato ndi nungu. Fisi anali wa agogo awo aamuna, ndipo ankaperekeza ana kusukulu n'kuwadikira panja mpaka poweruka. Nsato inali ya agogo aakazi, ankayanikapo zovala. Nungu ndiye anabweretsa utelala m'banjamo, pakuti singano ikathyoka ankangozula ina pamsana pake.

Mlongo wawo wamng'ono, amene ankasita ndi kuika mabatani pakona ya shopu yawo, anamva nkhanizi zaka makumi atatu mpaka zinamufika m'khosi. Iye ankadziwa zoona zake. Mtundu wawo wonse unawetapo kamba mmodzi yekha, nayenso anathawa tsiku lachitatu.

Tsiku lina dalaivala wa basi anabwera kudzasoketsa thalauza.

"Kodi nsato ija inali yaitali bwanji?" anafunsa dalaivalayo, atatambasula miyendo kuti amuyeze.

"Kuchokera apa," anatero a Telala, akukoka tepi, "kukafika apo! Ndipo apo n'kuti isanadye."

Pakamwa pakugwira ntchito, dzanja linalemba ndi choko pansalu nambala ya nsatoyo. Thalauza litatha, dalaivala analipinda kanayi koma linkasesabe pansi.

Ulendo wina mphaka analowa m'shopumo. A Telala anapezeka ali pamwamba pa tebulo lodulirapo nsalu, sizasi ili m'manja.

"Inuyo, mdzukulu wa oweta fisi, kuthawa mphaka?" anaseka a Mphunzitsi, omwe ankadikira malaya awo.

"Tinyama ting'onoting'ono n'tosadalirika, aphunzitsi. Fisi amadziwa ulemu."

Anthu atachoka, mlongo uja anaika simbi pansi.

"Achimwene, tsiku lina ndidzawauza za kamba."

"Iwe, usandivule pagulu," anatero a Telala, ndipo ulendo uno sankaseka. "Atelala odziwa kusoka adzaza tauni muno. Ukandilanda nyama zanga, nditsala ndi chiyani?"

Iye anatolanso simbi yake, osalonjeza kanthu.

Ukalamba utawafikira a Telala, maso anachita chidima, manja n'kuyamba kunjenjemera. Anthu sanaleke kubwera. Ena ankachita kung'amba okha thumba la malaya kuti apeze chifukwa chokhalira pabenchi. Kenako a Telala anagona pabedi, osadzukanso. Kutatsala tsiku limodzi kuti amwalire, anagwira dzanja la mlongo wawo.

"Nyama zanga zija usadzazisiye ndi njala."

"Nyama zake ziti, achimwene?"

Iwo anangomwetulira n'kutembenukira kukhoma.

Patapita milungu iwiri, mlongo uja anatsegulanso shopu. Munali zii. Makina anali atafunditsidwa nsalu, ndipo anthu ankasiya zovala pakhomo n'kumapita, osakhala pansi. Msewu wonse unkaoneka ngati waiwala chinachake. Iye anadabwa kuona kuti bata limene analilakalaka zaka zonsezi linkamuwawa.

Masana ena dalaivala uja ndi a Mphunzitsi anabwera n'kukhala pabenchi. Kenako dalaivala anavula chipewa.

"Mayi, mwatsala ndinu nokha odziwa. Tiuzeni zoona. Fisi uja analipodi?"

Nkhani ya kamba inali kunsonga ya lilime, pomwe inakhala zaka makumi atatu. Panalibenso womuletsa.

"Achimwene anga anali abodza," anatero mayiyo.

Amuna awiriwo anaweramitsa mitu.

"Afisiwo anali awiri. Winayo ankaluma aphunzitsi, n'chifukwa chake sankamutchula inu mulipo."

Dalaivala anaseka mpaka kutsamira khoma, a Mphunzitsi akufunsa kuti woluma uja anathera kuti. Mayiyo anapukuta m'maso ndi kansalu kotsala, anazimitsa simbi, n'kukokera mpando wake pafupi ndi benchi.