Mbewa Zisanu za ku Joni

Amene akuti ndine wabodza aime apa andiyang'ane m'maso, chifukwa mbewa imodzi ikadali moyo m'mutu mwanga muno, ikundidya nzeru, ndiye mverani nkhaniyi isanaidyenso.

Ndinayamba kuzimva pa Songani, kwa telala wina wochokera ku Joni, kuti kumeneko madokotala amasintha chibadwa cha mbewa isanabadwe kuti izidwala matenda a anthu, iwo n'kumaphunzirirapo mankhwala. Ndinaseka mpaka kugwetsa njinga. Koma mapazi angawa sadziwa kukhala pansi. Patapita zaka ndinapezeka ku Joni komweko, ndikutsuka timakola ta mbewa zomwezo, nditavala magolovesi ngati namwino.

Abale inu, mbewa zonona, zoti sukumba una, sufukiza utsi, zangokhala phee kukuyang'ana, ine mwana wa kwa Mwambo miyezi khumi osalawa ngakhale kapuku! Lamlungu lina masana mabwana kulibe, ndinatola zisanu n'kuziwiritsa ndi mchere m'ketulo ya tiyi. Mukumva? Ndinadya ya shuga, ya bipi, ya khansa yopanda ubweya, yowala ngati chiphaniphani, ndi ina yofatsa imene inkaiwala pomwe pali chakudya chake.

Dokotala ataona makola anangokhala pansi, nati, "Wandidyera ntchito ya zaka zisanu ndi ziwiri."

Wina akanafera pomwepo, koma ine matendawo anayamba kumenyana okhaokha m'mimba, shuga kuluma bipi, bipi kuponda khansa, mabingu ake kumveka mpaka pa Mwanza moti apolisi a pachipata anatsegula n'kuthawa, ndipo ndinafika kuno ndikuwala mobiriwira kuyambira pachipumi mpaka kuchidendene, agalu kulira, amayi kubisa ana, asodzi a ku chilumba cha Chisi n'kundikhazika kutsogolo kwa bwato m'malo mwa nyali, matemba n'kumadumphiramo okha, lero, mawa, mkuja, mpaka nyanja inachita manyazi n'kuphwa. Chaka chimene Chilwa inauma mukuchikumbuka? Ndine ameneyo. Pali Mulungu!

Zinayi ndinazigonjetsa. Yofatsayo ayi. Inakwera mwakachetechete mpaka kumutu, ndipo imadya monga mbewa zimadyera mpunga wa m'thumba, kuyambira pansi, iwe n'kumaona ngati thumba ndi lodzaza. Inayamba ndi nyimbo zathu za kwaya. Kenako mayina a madoko amene ndinakulirapo. Dzana ndinaima pamanda a mayi anga, kukamwa yasa, dzina lawo osabwera. Mukumva, achimwene? Mayi ondibala.

Kuchipatala akuti matenda amenewa sadutsira m'ketulo. Akuti ndi a kumtundu, poti bambo anga nawonso ankasochera m'munda mwawo momwe. Akunama! Ndi mbewa. Iyenera kukhala mbewa, chifukwa mbewa ndiye ndimadziwa kuigwira.

Ndipatseni chipewa changacho, ndinyamuke mdima usanakhwime. Ayi, khalani, mlenje saperekezedwa. Mungondilozera basi. Kwathu ndi kudzera pa mjigo, eti?