Botolo la Zakeyu

M'mudzi wina, umene dzina lake ndikulidziwa bwinobwino koma sinditchula, munali chikwangwani chachikulu pamphambano: MUDZI WOPANDA MATENDA. Anachikhoma ndi a bungwe lina, ndipo Wapampando Wamuyaya wa Komiti ya Zaumoyo, a Chimbalanga, ankachipukuta m'mawa uliwonse ndi mpango wawo wam'thumba. Mkuluyu ankati sanadwalepo chibadwire. Nyerere zikaunjikana pomwe wataya madzi, ankati nazonso zikupereka ulemu.

M'mudzi momwemo munali Zakeyu wa kabaza. Zaka ziwiri chikhodzodzo chikumuwawa ngati muli khala lamoto. Akapalasa pang'ono, waima, uyo kutchire. Makasitomala anamuthawa. Ndani angadikire pamsewu kasanu, dengu la tomato lili pamiyendo?

Kuchipatala adokotala anamupatsa kabotolo. "Mawa mubweretse mkodzo. Tiyeze likodzo, tiyeze tizilombo. Tikapanda kupeza kanthu, tikutumizani kuchipatala chachikulu akasuzumire m'kati ndi kakamera."

Koma lamulo la mudziwo linali loti botolo lililonse lidzere kukomiti. Komiti inakhala pansi, n'kumapatsirana botolo la Zakeyu, aliyense kuliloza kudzuwa, diso limodzi atatsinzina.

"Mtundu uwu ndi wozulitsa chikwangwani," anatero a Chimbalanga. "Iwe Zakeyu, ukufuna kutichititsa manyazi?"

"Ayi bwana, ndikungofuna ndidziwe chomwe chikundiwawa, ndibwerere pamsewu."

"Udziwe kuti utani nazo? Udokotala wake unaphunzira liti?"

Atakambirana mpaka masana, anagwirizana zotumiza mkodzo woyenera mbiri ya mudzi. A Chimbalanga anakhuthula botolo lija, n'kuzungulira nalo kuseri kwa khola kukalidzaza ndi wawo, komiti itaimirira. Mlembi Wamkulu analemba kuti mkodzowu ndi wa Zakeyu, chidindo pha! Wapampando anasaina yekha, ndi siginecha yake yamichira ija. Ngakhale munthu wosiyira Sitandade 5, wanzeru ngati ena a ife, akanawauza kuti apa zipsa. Sanafunse.

M'mawa mwake kunatulukira mlangizi wa zaumoyo panjinga yamoto, fumbi koboo.

"Mwini mkodzo uja ali kuti? Za chikhodzodzo sitinapeze, koma shuga ndiye wadzaza. Akachedwa, maso ndi miyendo zipita. Abwere lero lomwe."

Zakeyu anaimika dzanja. "Ndine, achikulire. Chidindo chilipo."

A Chimbalanga anayang'ana miyendo yawo, kenako chikwangwani, kenako miyendo. Anamukokera Zakeyu pambali.

"Achimwene Zakeyu..."

"Lero ndine achimwene?"

"Tandipalaseni, tikawafotokozere bwinobwino kumeneko."

"Aa bwana, mukufuna kutichititsa manyazi? Mudziwe kuti mutani nazo?"

"Miyendo, achimwene. Ndi iwiri yokha."

Zakeyu anavomera, koma anaikapo lake lamulo. Anatenga kabotolo kena kwa mlangizi uja, anazungulira kuseri kwa khola lomwe lija, n'kudzakapereka m'manja mwa Wapampando kakadali kotentha.

"Mugwire ndi manja awiri. Komiti isakhudze."

Anadutsa pachikwangwani paja mudzi wonse ukuonerera, Wapampando Wamuyaya ali pakaliyala, botolo la Zakeyu atalikumbatira ngati khanda lopita kusikelo. Panjira anaima kasanu ndi kawiri. Ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka ziwiri, Zakeyu anapeza kasitomala wosadandaula: njinga ikangoima, woyamba kuthamangira kutchire anali kasitomalayo.