Mungu wa Kakombo wa ku Kapondo

Amene akuti ine Chimphonda ndimanama anyamuke akagone m'lole mwake, chifukwa izi ndinaziona ndi maso angawa, mutu uli bwinobwino!

Chinali chaka cha mavoti oyamba a zipani zambiri, ine ndili tenanti pa esiteti ya fodya ku Mlonyeni. Ndinabwereka shati yoyera kuti ndikaonekere kwa atsibweni a Nabanda, mkazi amene ndinkamufuna, ku Kapondo. Akuluwo anali a chipani chakale mpaka m'mafupa, moti mtundu wachikasu wa chipani chatsopano sankaufuna ngakhale pa nthochi.

Ndinapeza dambo litasefukira, koma akakombo a nthawi imeneyo sanali tinthu mukuona leroti, masamba ake anali ngati bwalo la mpira, ndiye ndinangopalasa njinga pamwamba pake, tsamba ili, tsamba ilo, mpaka tayala linaterereka ine n'kugwera m'kati mwa duwa lalikulu ngati chigafa. Mukumva?

M'katimo munali nsanamira zondizungulira mizere mizere, zakunja zotambalala ngati zitseko, zam'kati zowonda ngati nsungwi, iliyonse itabereka matumba aatali uku ndi uku, otupa ndi mungu, msoko wake wotsika kuchokera pamwamba ngati wa belo la fodya. Dzuwa litafika pamutu duwa linayamba kutseka, ine pofuna potulukira n'kugunda nsanamira imodzi ndi chigongono, msoko kwee! inzake kwee! kwee! mungu kukhuthuka kufika m'mawondo, m'chiuno, m'khosi, ndipo ndikanafera momwemo pakanapanda njuchi ina yonenepa ngati tonde imene ndinaigwira mwendo n'kuuluka nayo, njinga ili kukhwapa.

Inakanditaya pakhomo penipeni pa atsibweni, ndili chikasu kuyambira tsitsi mpaka zikhadabo.

"Wachikasu pakhomo panga?" anakuwa akuluwo akutola mpini. "Nabanda, lowa m'nyumba! Ukwati watha!"

Koma tamverani! Kumwamba kunada, njuchi zonse za m'dambo zinali zitanditsata, zinanditera thupi lonse n'kuyamba kukolola mungu wawo, ina m'khutu, ina m'mphuno, ina kupisa m'thumba, osandiluma ngakhale imodzi, ndipo zitachoka ndinatsala woyera mbee, shati ngati yosita kumene, izo n'kukalowa m'ming'oma ya atsibweni imene inali gwaa kuyambira chilala.

Akuluwo anaponya mpini pansi, misozi ili mbwe. "Mwaona? Mwana wabwerera kuchipani chathu anthu akuona! Mpatseni mkazi!"

Mukuseka chiyani, adalaivala? Tsitsi lachikasu kuseri kwa khutuli mukuliyesa imvi? Nabanda amauza anthu kuti ndinangogwera m'thumba la ufa wa chimanga chachikasu pachigayo, koma iye anali m'nyumba, anaona chiyani?

Tandipatsirani chipewa changacho. Kusanade kwambiri ndikafike kunyumba, mkazi wopezeka movutikira chonchi sadikiritsidwa.